Kumene akukhala mayi anga odwala matenda oiwalaiwala: masana 9 pa 10, usiku 4

Mayi anga atha chaka ndi miyezi inayi tsopano akukhala pa nyumba ina yosamalirako achikulire kunja pang'ono kwa tauni ya Blantyre, nde ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndinene mmene ndawaonera malowa, zokoma ndi zowawa zomwe. Dzina la malowo sinditchula, la mayi anganso ayi, chifukwa zina ndinene apazi ndi madandaulo ndipo sindikufuna mwana wa eni ake achotsedwe ntchito kamba ka pakamwa panga. Kukhala kuti ndikuchonga mayeso, masana ndingawapatse 9 pa 10, usiku 4 basi ndipo 4 yonso ndawakomera mtima.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kundiweruza kuti mzimayi uyu anakataya make. Musavutike, achimwene anga enieni anandiuza mawu omwewo pa gulu lathu la WhatsApp la banja, azakhali kumudzi anatha miyezi iwiri osandiyankha foni. Inenso kale ndinkati zimenezi ndi za azungu, ife kuno kholo limafera mmanja mwa ana ake. Ndinasiya kuyankhula choncho mu June 2023.

Mayi anabadwa mu 1943 ku Phalombe ndipo agulitsa tomato, anyezi ndi usipa mu msika wa Ndirande zaka zoposa 30, ana asanu tonse tinaphunzira ndi ndalama ya pa benchi imeneyo. Zinayamba pang'onopang'ono cha mma 2021, kuthira mchere kawiri mu ndiwo, kufunsa chinthu chimodzimodzi kasanu, kubisa ndalama mu chitini cha ufa kenako nkumalalatira mtsikana wantchito kuti waba. Atsikana atatu anachoka pakhomo panga ku Chilomoni chifukwa chonamiziridwa kuba, mmodzi anachoka akulira ndipo mpaka pano chimandiwawa chifukwa nthawi imeneyo inenso ndinkamukaikira. Tonse timangoti ndi ukalamba. Nde tsiku lina mu June muja, kukuzizira koopsa, anadzuka cha mma 4 mbandakucha, kutenga basiketi, kutsegula geti mwakachetechete nkumapita. Tinasaka tsiku lonse, ku msika, ku tchalitchi, kupolisi, mpaka ku mochale ndinafikako ine. Anapezeka madzulo mbali ya ku Chirimba ali kuseli kwa nyumba ya munthu, chitenje chimodzi chokha, nsapato ataya, anthu atawazungulira ena akuti gogoyu wagwa pa ndege ya ufiti. Anawapulumutsa ndi mnyamata wa kabaza yemwe ankawadziwa ku msika, anangoti awa ndi amayi a tomato a ku Ndirande awa, nkuwakweza pa njinga. Mukukumbuka za ku Neno mu January 2016 agogo anayi aja anaphedwa ndi anthu a mmudzi mwawo powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana? Usiku umenewo nkhani imeneyo ndi yomwe inkangozungulira mmutu mwanga. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu likakwiya palibe amatsegula buku la malamulo.

Ku Gulupu adokotala anawayeza magazi, BP, nkuwafunsa timafunso, lero ndi lachingati, tili kuti pano, sungani mawu atatu awa ndikufunsaninso, jambulani wotchi. Pa wotchipo manambala onse anawaunjika mbali imodzi ngati mulu wa tomato. Anatiuza kuti ndi dementia, matenda a mu ubongo, si misala yoti nkupita nawo ku Zomba, si kulodzedwa, komanso si ukalamba wamba chifukwa okalamba ambiri sadwala zimenezi. Kwa mayi anati BP yomwe akhala nayo zaka zambiri ikuoneka kuti inaononga timitsempha ta mmutu, mwinanso pali Alzheimer yomwe ndi imene imayambitsa matendawa kwa anthu 60 mpaka 70 pa 100 aliwonse odwala. Mankhwala ochiziratu kulibe. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati padziko lonse odwala ndi oposa 55 miliyoni ndipo ambiri ali mmaiko osauka ngati lathu lino ndi omwe akutukuka kumene, koma ine mpaka tsiku limenelo ndinali ndisanamvepo liwu loti dementia mkamwa mwa munthu aliyense wa ku Chilomoni.

Ndimagwira ntchito, amuna anga amayendayenda, ana ali pa sukulu. Kutseka mayi mnyumba ndi loko kuyambira mmawa mpaka 6 madzulo ndinayesa sabata ziwiri, tsiku lina ndinawapeza atayatsa mbaula kuchipinda mawindo ali otseka. Basi mu August ndinawapititsa.

Tsopano za malowo. Nyumba yake si yodabwitsa ayi, ndi nyumba wamba yaikulu yomwe anaiwonjezera zipinda, mpanda wa njerwa, mitengo ya mango iwiri, khonde lalitali, kadimba ka masamba kuseli. Achikulire alipo osapitirira 15, ena matenda oiwalawa, ena sitiroko. Fungo la mkodzo lija mumaliopa kulibe, kupatula mmawa kwambiri asanakolope. Kuchokera kwathu ndi minibasi ziwiri. Koma chomwe chinandigwira mtima si nyumba, ndi zomwe zinachitika tsiku loyamba. Ine ndinapita ndi buku la kuchipatala ndi mapilitsi a BP mu jumbo poganiza kuti ndisaina fomu, ndilipira, ndizipita. Asisita oyang'anira, mayi wachikulire ndithu nesi wopuma pa ntchito, anangoliyang'ana bukulo pang'ono nkuliika pambali, kenako akuti khalani pansi mayi, bukuli latiuza matenda awo, tsopano inu mutiuze za iwowo. Tinakhala maola awiri ndi theka. Mayi anali pompo, ndipo asisitawo mafunso ambiri ankayamba kufunsa iwo kaye, ine ndimangothandizira akasochera.

Amakonda kuitanidwa ndani? Ndinati agogo. Mayi anatembenuka nkunena kuti ine si gogo wako iwe, kkkk. Zoona, moyo wawo wonse anthu amawaitana ndi mfunda wawo, ku msika, ku Mvano, ngakhale malemu bambo. Chinalembedwa pamwamba penipeni pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mpaka lero wantchito aliyense pamalopo amawatchula ndi mfunda, akugwada kapena kunjuta pang'ono monga mmene timachitira ndi akulu. Amadzuka nthawi yanji? Amasamba bwanji, madzi otani, nthawi yanji, owasambitsa akhale ndani? Nsima ya mgaiwa kapena ufa woyera? Tiyi amamwa ndi chani? Akakwiya mumawatonthoza bwanji? Akamva kuwawa amanena, kapena amabisa? Amaopa chani? Anawo mayina awo ndani, amene anamwalira ndi ati? Ntchito yawo inali yotani, tsiku lawo linkayenda bwanji kuyambira kudzuka mpaka kugona? Ena mwa mafunsowa ndinalephera kuyankha ine mwana wawo, ndinachita manyazi, ndinachita kuimbira achemwali anga aakulu ku Lilongwe.

Zonsezo anazilemba mu chomwe iwo amati pulani ya chisamaliro, masamba anayi mu fayilo, ndi tsamba limodzi lachidule lomwe anamata mkati mwa chitseko cha kabati ya mayi kuti wantchito aliyense aziliona. Lalembedwa mChichewa, ngati akuyankhula ndi mayi eni ake: ndimadzuka 4 koloko, musandikakamize kugonanso. Ndimasamba masana dzuwa likatentha, madzi ofunda a mu ndowa, osati shawa. Mwamuna asandisambitse. Musandigwire chakumbuyo. Asisita anandiuza kuti maganizo amenewa si awo, anayamba ndi mkulu wina wa ku England dzina lake Tom Kitwood wa pa yunivesite ya Bradford mzaka za mma 1980 ndi 1990, yemwe ankati zambiri zomwe timaziona ngati kuvuta kwa wodwala zimachokera ku mmene anthu omuzungulira akumutengera, kumuyankhula ngati khanda, kumukambirana iye ali pompo ngati palibe, kumuthamangitsa pa chilichonse. Nditamva zimenezo ndinangoti zii chifukwa zonse zitatuzo ndinkachita ine kunyumba.

Pa nkhani ya 4 koloko ija ndi pomwe ndinaona kuti anthuwa amaganiza. Ine kunyumba ndinkalimbana nawo mayi kuti gonani kudakali usiku, iwo nkumalusa, kumenya chitseko. Asisita anangofunsa kuti kodi 4 koloko ankapita kuti zaka zonse zija? Kukaoda katundu. Nde munthu wadzuka nthawi imeneyo zaka 30 kuti ana ake adye, lero mukumuuza kuti agone, mmutu mwake akuona kuti tomato wabwino atha ena atenga. Anakonza zoti akadzuka apatsidwe tiyi ndi mbatata, avale, amange kansalu kawo ka ndalama mchiuno, muli timapepala ndi makobidi akale. Kukacha amawaikira kathebulo pa khonde, ophika amabweretsa tomato ndi anyezi yemwe agwiritse ntchito tsiku limenelo, mayi nkumapanga milu. Abale anga, munthu woti sadziwa kuti lero ndi lachingati, dzina langa pena limawasowa, koma mulu wa tomato amaupanga bwinobwino, atatu pansi mmodzi pamwamba, wofewa kumuika payekha kuti uyu ngwa lero lomwe. Ophika amabwera kudzagula, amanenerera, mayi amakana, amaikirako basela akakondwa. Mlonda wa pa geti poyamba ankakangana naye daily chifukwa cha yunifolomu, ankamuona ngati wodulitsa matikiti a msika nkumati ndalipira kale ine. Mmalo momuuza mlonda kuti aziwazemba, anamupatsa timapepala, mmawa uliwonse amawang'ambira kamodzi iwo nkukasunga mu kansalu, nkhondo inathera pompo. Zimenezinso zinalembedwa mu pulani.

Achimwene anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, atabwera koyamba anakhumudwa nazo, akuti mukuwaseweretsa mayi ngati mwana wa ku mkaka, komanso ndi bodza limeneli. Ndinaganizira kwa masiku. Koma tomatoyo ndi weniweni, amakaphikadi ndiwo za masana, ndipo kusankha wofewa ndi ntchito yoti wina akanaigwirabe. Kunyumba kwanga ankangokhala pa sofa kuyang'ana TV yomwe sankaimva, manja ali pa miyendo. Apa amatha mmawa wonse ali bize, akudya bwino, thupi linabwererako moti madilesi ena tinachita kukulitsa. Pomwe ine ndimavutikabe mumtima ndi pa nkhani ya bambo. Bambo anatisiya mu 2009, koma mayi pafupifupi madzulo aliwonse amafunsa kuti abambo ako abwera? Kunyumba ndinkawauza zoona kuti amayi, bambo anamwalira kalekale, nde amalira ngati uthenga wafika kumene, kufunsa kuti bwanji simunandiuze, mwaika maliro ine kulibe? Mawa lake chimodzimodzi, maliro atsopano tsiku lililonse. Mu pulani tinagwirizana kuti asamauzidwe kuti anamwalira pokhapokha atafunsa mwachindunji, komanso asamanamizidwe kuti ali mnjira akubwera. Wantchito amangoti mwawasowa eti, anali munthu wotani kodi, munakumana kuti? Mayi nkuyamba kufotokoza za njinga ya bambo ndi mmene ankawadikirira pa siteji. Nthawi zambiri zimatheka. Nthawi zina ayi, amaumirira, ndipo ndamvapo mtsikana wina akuwayankha kuti apita ku ntchito abwera mawa. Sindinamudzudzule, inenso pena ndimatero.

Cha mma 4 kapena 5 madzulo ndi nthawi yovuta kwa odwala matendawa ambiri, dzuwa likamapendeka mtima umakhala mmwamba. Mayi amayamba kulongedza kuti ndikaphikire ana abwera ku sukulu. Sawatsekereza. Mtsikana mmodzi amanyamula basiketi nkumati tiyeni ndikuperekezeni, amazungulira mpanda kawiri katatu, kudutsa ku dimba, kuthyola nkhwani kapena mpiru, pofika pa khonde amati tafika, tiyeni tisadzule ndiwozi ana asanafike. Akhala pa mkeka, asadzula, pofika nthawi ya nsima za ulendo zaiwalika.

China chomwe sindinkayembekezera, mayi anayamba kubwerera ku Chilomwe. Ife anatilera mChichewa, Chilomwe tinkangochimva akamacheza ndi abale awo, koma pano akatopa kapena akadwala mawu amatuluka a Chilomwe okhaokha, asisita akuti zimachitika, chiyankhulo cha ku ubwana ndi chomwe chimatsalira. Mwamwayi mmodzi wa ophika ndi wa ku Mulanje, nde anaonjezera mu pulani kuti mayi akavuta aziitana iyeyo. Ndinawapezapo tsiku lina awiriwo akuseka mpaka misozi, ine osamva olo liwu limodzi, ndinachita kansanje ndithu. Lachinayi amayi a Mvano a mpingo wapafupi amabwera, mayi amavalitsidwa yunifolomu yawo yoyera ndi duku, nyimbo amaimba mavesi onse osaphonya pomwe buku sangathenso kuwerenga.

Izo ndi za masana. Tsopano ndinene zondinyansa.

Pulani ndi pepala, imagwira ntchito ngati munthu waiwerenga. Masana pamakhala atsikana anayi ndi asisita, usiku pamatsala awiri, pena mmodzi ndi mlonda, achikulire onse aja. Ndipo a usiku amasinthasintha koopsa. Mu miyezi 16 ndawerenga nkhope zisanu ndi ziwiri. Mtsikana yemwe ankawadziwa mayi bwino kwambiri, amene anatulukira kuti mayi akamati kunja kukuzizira ndiye kuti akufuna kuchimbudzi, anapita ku Joni mu February, sindimuda, malipiro awo ndikuwadziwa ndi ochepa. Koma amene analowa mmalo mwake palibe anamukhazika pansi kumuwerengera pepala lija. Nde Loweruka lina ndinalawira kwambiri chifukwa ndinali ndi ukwati masana, kufika cha mma 6 ndinapeza mayi ali pa mpando, chitenje chawazungulira mchiuno chamangidwa kumbuyo kwa mpando, atadzinyowetsa, akulira chapansipansi. Mtsikanayo akuti amafuna kutuluka usiku nde ndimaopa agwa, ndinali ndekha. Ndinapsa mtima moti manja ankanjenjemera. Pepala lili pa kabati pompo, mita imodzi kuchoka pomwe anawamangapo, likunena kuti ndimadzuka 4 koloko mundipatse tiyi. Asisita atabwera anapepesa, sanabise kapena kundizungulitsa, analemba mu buku la zochitika ndipo anati kumanga munthu nkoletsedwa pamalopo. Ndinawauza kuti mtsikanayo asachotsedwe, olakwa ndi amene anamusiya yekha osamuphunzitsa. Chiyambire sizinachitikenso, zoti ine ndadziwa. Koma usiku ine kulibe, nde ndimangodalira kuona mmikono ndi mchiuno ndikamawadzoza mafuta.

Kachiwiri ndi mankhwala. Mu May ndinaona kuti masiku atatu otsatizana mayi akungosinza, kudontha dovu, tomato osamuyang'ana nkomwe. Kufunsa, akuti kiliniko ofesa yemwe amabwera kudzawaona anawalembera kamankhwala kowakhazika mtima pansi chifukwa ankasokosera anzawo usiku. Ine gadiyani osauzidwa. Mankhwala amtundu umenewu kwa okalamba odwala dementia si oseweretsa, amaonjezera kugwa, sitiroko ngakhale imfa, nchifukwa chake madokotala amati akhale omalizira zina zonse zikakanika, pa mlingo wochepa komanso kwa nthawi yochepa. Ndipo chomwe chinkawasokosetsa chinadzapezeka kuti ndi dzino lobowoka. Atalichotsa phokoso linatha. Tinaonjezera mzere mu pulani kuti mankhwala atsopano aliwonse ayambe andiimbira, ndipo akasintha khalidwe ayambe afufuza ululu, kudzimbidwa, njala kapena matenda ena.

Pamenepa ndiwayamikirenso pang'ono chifukwa phunzirolo analitola. Mu September mayi anangosokonekera tsiku limodzi, kuona anthu pa denga, kukana kudya, osandizindikira olo pang'ono. Ine ndinkati basi matenda aja afika pena. Asisita anati ayi, dementia simathamanga chonchi usiku umodzi, uku nkusokonezeka kobwera ndi matenda ena. Anawatengera ku chipatala tsiku lomwelo, malungo anapezeka kuti alibe, koma mu mkodzo munali matenda. Atamwa mankhwala masiku ochepa anabwerera pa benchi yawo. Mwezi womwewo pa 21 September, tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer padziko lonse, anaitana abale a onse tinakhala pansi pa mango kumwa thobwa nkumauzana zomwe tikudutsamo, kanali koyamba kukumana ndi anthu ondimvetsa osayamba ndafotokoza kuti mayi anga si mfiti.

Anatilonjeza kuti pulani tiziiunikanso limodzi miyezi itatu iliyonse. Koyamba ndi kachiwiri zinatheka, kachitatu panadutsa miyezi isanu mpaka ndinachita kukakamira. Ndipo kuunikako nkofunika chifukwa munthu amasintha. Chaka chatha ankadya okha bwinobwino, pano amaiwala kuti mbale ili patsogolo pawo, nde wina amakhala nawo nkumadya limodzi kuti aziona nkumatsanzira, nsima amawatemera timbamu ting'onoting'ono, madzi amachita kuwapatsira mmanja chifukwa ludzu sanena. Usipa wouma womwe ankaukonda tinausiya kaye chifukwa unayamba kuwatsamwa, pano amausinja nkuthira mu ndiwo zotendera. Pa mkumano womaliza asisita anafunsa funso lomwe tonse tinkalithawa, kuti akadzadwalika kwambiri mukufuna tidzatani, kuchipatala mpaka mapeto kapena pano mwakachetechete, ndipo mwini mbumba akudziwa? Ndinati zimenezo sindingayankhe ndekha. Tinaitanitsa amalume kuchokera ku Phalombe, anabwera atakwiya kale, koma atawaona alongo awo pa khonde akuwagulitsa anyezi, anakhala chete nthawi yaitali kenako anatulutsa K500 nkugula mulu. Zomwe tinagwirizana zinalembedwa, amalume anasaina nawo.

Za ndalama, musanamizidwe, ndi zodula. Pamwezi ndimalipira kuposa renti ya nyumba yanga, timasonkherana anthu atatu, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anakweza fizi kawiri mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi, kachiwiriko anangotumiza meseji sabata imodzi mwezi usanathe. Mapampasi, sopo, mafuta odzola, mankhwala ndi thiransipoti ya kuchipatala zonse ndi zanu, sizili mu fizi, ndipo izi sananene momveka pachiyambi. Amalandira pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, risiti amapereka mukaikumbutsa. Ndikudziwa kuti mabanja ambiri mu Ndirande momwe mayi ankagulitsamo sangakwanitse olo sabata imodzi. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire, a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oyankhulira achikulire, akhala akulimenyera nkhondo kwa zaka, tiona ngati lidzafike mpaka pa nkhani ya malo ngati awa, kuti pazikhala owayendera usiku osati masana okha alendo akamabwera.

Tina ting'onoting'ono: zovala zimasochera olo mulembe dzina ndi maka, zitenje zitatu za mayi ndinaziona zitavalidwa ndi agogo ena, juzi yomwe ndinawagulira ku Limbe inangosowa. Soya pieces amachuluka pa menyu, sabata ina kanayi. Magetsi akazima ali ndi sola ya mababu okha, nde mu June ndi July madzi osamba amachita kuphitsa pa nkhuni, koma amaphitsa ndithu, sanawasambitsepo ozizira. Madzi akasiya ali ndi thanki. Kukaona wodwala ndi nthawi iliyonse, salembetsa apointimenti, ndipo ine ndingakulangizeni kuti muzipita nthawi zosayembekezereka, mmawa kwambiri kapena 8 usiku, mudzaona zenizeni. Mukamakafunsa malo, kaya pano kaya kwina, musatengeke ndi matailosi ndi maluwa, funsani kuti usiku pamagona antchito angati, watsopano amamuphunzitsa ndani, ndipo muone ngati akufunsani za munthu wanuyo kapena za matenda ake okha. Pepala ngati lija mukhoza kulemba olo muli nawo kunyumba, achemwali anga analembera apongozi awo omwe akusamalidwa ndi mtsikana wantchito ku Area 25 ndipo akuti mikangano ya posamba inachepa.

Mkumano wina uliko mu January ndipo ndalemba kale zoti ndikanene: wausiku aliyense watsopano ayambe wagwira masana sabata imodzi ndi mayi asanamusiye yekha, ndipo tsamba lija alisaine kuti wawerenga. Akakana ndiyamba kufunsa malo ena, ngakhale mu Blantyre muno oti nkusankhapo ndi owerengeka.

Lamulungu lapitali ndinawapeza pa khonde mvula ikuwaza, mango ali mu beseni pambali pa tomato. Sanandidziwe. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi nkunena kuti mayi inu muli ndi ngongole yanga ya sabata yatha, musatenge kanthu musanalipire. Ndinalipira K200, anaimanga mu kansalu, kenako anandisankhira mango awiri akuluakulu akuti awa mukapatse ana.